Mwana akasowa: za m'mabuku ndi za kuno kum'mawa

Pali mabuku ena a nkhani zopeka amene munthu ukawayamba, nsima imazizirira m'mbale. Azungu amawatchula kuti thriller, ndipo pa nkhani zonse zimene alembi ake amakonda, ya mwana wosowa ndiyo amaibwereza kwambiri. Sabata yatha ndinamaliza limodzi, limene ndinagula kwa mnyamata woyala mabuku akale pansi m'tauni muno mwa Chipata. Nditalitseka, tulo sitinabwere. Chigawenga cha m'bukumo sichinandiopse kwenikweni. Chimene chinkazungulira m'mutu mwanga n'chakuti, banja lija likanakhala la ku Mchini, ku Navutika kapena kumudzi ku Chadiza, nkhaniyo ikanayenda bwanji?

Mabuku amenewa amamangidwa mofanana. Limayamba tsiku wamba. Mayi atembenuka kamphindi kuti ayankhe foni, kapena bambo achedwa kukatenga mwana kusukulu, basi mwana palibe. Kuyambira pamenepo mlembi amagwira zingwe ziwiri. China ndi nthawi: ola likamadutsa, chiyembekezo chopeza mwana ali moyo chimachepa, ndiye wowerenga sangaike buku pansi. China ndi zinsinsi za m'nyumba. Wapolisi akangoyamba kufunsa kuti kodi inu munali kuti pa nthawiyo, zimatumphuka ndi zina zosakhudza mwana n'komwe: chibwenzi cha mseri, ngongole, mowa womwera kuseri. Wowerenga amayamba kukayikira bambo, kenako mayi, kenako mphunzitsi, mpaka m'mutu womaliza mlembi avundukula chimene anabisa.

Chingwe cha nthawi chija n'choona ndithu. Ku America, ofesi ya loya wamkulu wa chigawo cha Washington inafufuza milandu ya ana amene anabedwa n'kupezeka ataphedwa, ndipo lipoti lake la mu 2006 linapeza kuti 76 mwa ana 100 alionse otere anaphedwa asanathe maola 3 chiwabereni. Chingwe cha zinsinsi nachonso n'choona, ndipo ndibwererakonso. Pamene mabukuwa amatisocheretsa ndi pa nkhope ya wakuba. Amatiphunzitsa kuopa munthu wachilendo wobisala kuseri kwa mtengo, kapena galimoto ya magalasi akuda.

Mantha amenewo ali ndi kumene anachokera. Pa 25 May 1979, mnyamata wa zaka 6, Etan Patz, anachoka pakhomo ku New York kupita pokwerera basi ya sukulu, ndipo sanaonekenso. Chithunzi chake chinafalitsidwa dziko lonselo, ndipo tsikulo ndi limene lero maiko ambiri amakumbukirapo ana osowa. Mu 1996 mtsikana wa zaka 9, Amber Hagerman, anabedwa akupalasa njinga ku Arlington, Texas, n'kupezeka atafa. Kuchokera pa imfa yake kunabadwa njira yochenjezera anthu mwamsanga pa wailesi, pa TV ndi pa mafoni, yotchedwa Amber Alert, imene South Africa nayo inayamba mu 2020 mogwirizana ndi Facebook. Nkhani ngati zimenezi ndizo zinadzaza mabuku ndi mafilimu. Koma ngakhale ku America komweko, kafukufuku wa boma wokhudza chaka cha 1999 anaonetsa kuti mwa ana pafupifupi 800,000 amene anakanenedwa kuti asowa, amene anabedwa mwa njira ya m'mabuku ija, ndi mlendo kapena munthu womudziwa pang'ono, n'kusungidwa usiku wonse, kupita naye kutali kapena kuphedwa, anali ngati 115 okha. Ochuluka anali othawa pakhomo, osochera, osamvana ndi makolo za kumene ali, ndi otengedwa ndi wachibale.

Makomo amene ana athu amatulukira

Kuno kwathu mwana wosowa nthawi zambiri amatulukira pakhomo limene akuluakulu atsegula okha, masana, atamusambitsa n'kumuveka zovala za kutchalitchi.

Tonse tinaleredwa ndi mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambo umenewu wapulumutsa ana amasiye osawerengeka. Azakhali atenga mmodzi, amalume atenga wina, agogo atsala ndi wamng'ono. Ine sindingaunyoze. Koma ndi mwambo womwewu umene anthu oipa mtima amavala ngati chikopa cha nkhosa. Kumudzi kufika mayi wovala bwino wochokera ku Lusaka, mwana wa msuweni wa uje, kapena mnzawo wa mpingo umodzi. Anena kuti, "Mundipatseko kamtsikanaka, kazikandithandiza kulera mwana, ine ndikalowetsa sukulu." Asiya shuga, sopo, ndi kandalama. Mwana akwera basi, awoloka mlatho wa Luangwa, ayenda makilomita oposa 550 pa Great East Road. Miyezi yoyamba foni imalira. Kenako mayi uja ayamba kunena kuti mwana wapita kumsika, mwana wagona, mwana watuluka. Tsiku lina nambala siipezekanso. Makolo alibe adiresi, sadziwa dzina la komboni, mwinanso dzina lenileni la mayiyo saalidziwa. Kodi mwanayu wasowa liti? Tsiku limene anakwera basi, kapena tsiku limene foni inasiya kulira? Mlembi wa thriller amafuna ola lenileni limene nthawi inayamba kuwerengedwa. Banja ili lilibe ola lotero, n'chifukwa chake limatha chaka chathunthu lisanapite kupolisi. Palinso manyazi: akanena bwanji kupolisi pamene anapereka okha, ndipo shuga uja anamwera tiyi?

Lamulo linaona kale za khomo limeneli. Zambia ili ndi lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, la nambala 11 la mu 2008, limene linakonzedwanso mu 2022, ndipo chilango chake chimayambira pa zaka 20 m'ndende. Pa nkhani ya mwana, mfundo yaikulu ndi yakuti kuvomera kwa makolo sikuyeretsa mlandu. Amene watenga mwana n'cholinga chokamudyera masuku pamutu ndi wolakwa ngakhale kuti anapatsidwa ndi manja awiri. Makolo ambiri sadziwa zimenezi, amaganiza kuti popeza anavomera, alibenso pakamwa.

Anyamata ali ndi makomo awo. M'madera a Katete, Chadiza, Sinda ndi Petauke muli chizolowezi chopereka mnyamata kuti akawete ng'ombe za wina kwa zaka zingapo, malipiro ake n'kukhala ng'ombe imodzi pamapeto. Ena amapita m'minda ya fodya. Mwana akazunzidwa kumeneko amathawa, ndipo mwini ng'ombe amaganiza kuti wabwerera kwawo, pamene kwawo akuganiza kuti ali kubusa. Pakati pa malingaliro awiriwa pakhoza kudutsa miyezi mwana ali m'misewu ya m'tauni.

Mtsikana wina amasowa chifukwa watenga mimba ndipo akuopa bambo ake, wina wathawitsidwa ndi mwamuna, wina akuthawa ukwati umene akulu amukonzera. Chigawo chathu chili m'gulu la zigawo zimene maukwati a ana ndi ochuluka. Lamulo la ana la mu 2022 limaletsa kukwatitsa mwana, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 suwerengedwa konse, ngakhale ukhale wa mwambo. Ndiye mawu aja akuti "musavutike, ali kwa mwamuna wake" sayeneranso kutseka nkhani. Mtsikana wa zaka 15 amene ali kwa mwamuna ndi mwana wosowa basi.

Kulinso ana otengedwa ndi kholo lawo lomwe. Ukwati ukatha, kwa Achewa ana ndi a kuchikazi, a mbumba ya amalume awo. Kwa Angoni, kumene malowolo anaperekedwa, ana ndi a bambo. M'Chipata mitundu iwiriyi yakwatirana kwa zaka zoposa 100, ndiye mbali iliyonse imakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana ndi wake. Bambo angofika pasukulu, atenga mwana, akwera naye basi ya ku Copperbelt. Iye sakuona kuti waba, koma mayi wotsalayo kulira kwake n'chimodzimodzi.

Ndipo tisaiwale madzi. Nyengo ya dzinja mitsinje ngati Lunkhwakwa ndi Lutembwe imadzaza, maenje oumbira njerwa ndi okumbamo mchenga amasanduka maiwe, zitsime zina zilibe zivundikiro. Mwana wamng'ono akasowa, malo oyamba kuyang'ana ndi amenewa, anthu asanayambe kuganiza za galimoto yachilendo. Pa miyambo ikuluikulu, Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi Kulamba ku Mkaika mu August, ana amasochera m'chikhamu, koma ambiri otere amapezeka dzuwa lisanalowe.

Mlendo woopsa uja aliko, sindikukana. Makolo a ana achialubino amadziwa bwino. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 ku Malawi kunabuka kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimabweretsa chuma, ndipo zoterezi zachitikanso kuno kum'mawa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale pa milandu imeneyi, makhoti apezapo kangapo kuti amene analoza nyumba anali wachibale kapena munthu wa pamudzi pomwepo.

Malire amene mwana saona

Chipata ili pamtunda wosakwana makilomita 30 kuchokera pa chipata cha Mwami, pa malire a Zambia ndi Malawi. Mu December 2022 atsogoleri a maiko awiriwa pa nthawiyo, a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera, anatsegula nyumba yatsopano ya pamalirepo, yoti munthu aonetse mapepala malo amodzi. Nyumbayo ndi yabwino, koma aliyense wa kuno amadziwa kuti njira zachidule n'zosawerengeka. Munda uli mbali ino, chigayo chili mbali inayo. Wa njinga yamoto akhoza kuchoka ndi mwana ku Vubwi m'mawa, nthawi ya nkhomaliro ali naye mkati mwa Mchinji. Chakummwera kuli Chanida ndi njira zolowera ku Mozambique. Achewa a maiko atatu onsewa ali pansi pa Kalonga Gawa Undi, chilankhulo n'chimodzi, maina ndi mafuko ndi omwewo. Mwana wa kwa Banda kapena kwa Phiri akafika tsidya linalo, palibe amene angamuone ngati mlendo. Chimene chimatigwirizanitsa ndi chomwecho chimene chimamubisa. Wapolisi wa ku Chipata sangangolowa m'Malawi kukasecha nyumba, ayenera kudzera kwa anzake a kumeneko, ndipo makalata akamayenda masiku nawo akupita.

M'mabuku aja, wapolisi amangopempha chithunzi, mayi n'kutulutsa mazana a zithunzi m'foni. Amaonanso makamera a m'misewu, amayeza tsitsi lotsalira pa chipeso. Kuno mabanja ambiri a kumudzi alibe chithunzi cha mwana cha chaka chino. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana osakwana zaka 5 amene kubadwa kwawo kunalembetsedwa kuboma anali 14 okha pa 100 alionse. Chitupa cha NRC munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Ndiye kuti mwana wa zaka 9 nthawi zambiri pepala lake lokha ndi khadi la kusikelo, ngati chiswe sichinadye. Mwana wotere akasinthidwa dzina, kutsimikizira kuti ndi iyeyo kumadalira chipsera cha pamwendo ndi maso a mayi ake.

Tsiku loyamba

Anthu ambiri amakhulupirira kuti munthu uyenera kudikira maola 24 usanakanene kupolisi. Kudikira kumeneko sikuthandiza mwana aliyense. Dzuwa likalowa mwana wamng'ono asanaoneke, kapena ngakhale lisanalowe ngati mtima wakana, pitani. Onetsetsani kuti nkhaniyo yalembedwa m'buku la apolisi, lija amati OB, ndipo mutenge nambala yake, chifukwa ndi imene mudzafunsire mukabweranso. Funsani a Victim Support Unit, nthambi ya apolisi imene inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1990 kuti iziona nkhani za ana, amayi ndi mabanja. Pali nambala yaulere ya ana, 116, ndi ya apolisi, 991. A Social Welfare nawonso amalandira ana opezeka akungoyendayenda.

Koma kunena zoona, zida zathu zamphamvu ndi zina. Kumudzi mfumu ikamva, uthenga umafika midzi yoyandikana usiku womwewo, anyamata n'kugawana madambo ndi mitsinje. M'tauni chilengezo cha pa Breeze FM kapena Radio Maria chimamveka mpaka tsidya la malire. Amayi ogulitsa pa Kapata ndi pa Saturday Market, anyamata oitanira mabasi, a njinga zonyamula anthu, amenewa ndiwo makamera athu, ndipo amakumbukira nkhope. Pofotokoza mwana, nenani zovala zimene anavala, chipsera, dzino loguluka, dzina limene amaitanidwa nalo pakhomo osati la kusukulu lokha. Ndipo wapolisi akafunsa za m'nyumba, ngati mwana anamenyedwa dzulo lake, ngati pali mkangano ndi bambo ake, ngati pali amene anabwera kudzamupempha, nenani zoona ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Apa mabuku aja sanama: chinsinsi chimene banja likubisa kawirikawiri ndicho njira yopita kumene kuli mwana.

Facebook ndi WhatsApp zimathandiza, komanso zimabweretsa afisi. Nambala ya foni ikangoikidwa pansi pa chithunzi, ena amaimba kuti mwana ali naye, kapena amuona ku Lundazi, tumizani ya thiransipoti pa foni. Kholo losweka mtima limatumiza, chifukwa likapanda kutumiza lidzadzifunsa moyo wake wonse. Ndi bwino kuti foni yoteroyo azigwira amalume kapena wachibale wina wa mtima wokhazikika, ndipo uthenga ulionse uzikafika kwa wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyo. Mwana akapezeka, chotsani chithunzicho, chifukwa china chimayendabe zaka zitatu mwini wake ali m'kalasi.

Choopsa china ndi mphekesera. Nkhani za akamunyama, anthu amene amati amapopa anzawo magazi, n'zakale kuno, zinayamba nthawi ya atsamunda, ndipo sizinafe. Kumayambiriro kwa 2020, pamene dziko linadzaza ndi mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba, anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu olusa, ambiri chifukwa chongokhala alendo pamalopo. Mwana akasowa, wodwala misala wodutsa m'njira kapena wamalonda wachilendo akhoza kufa mwana ali kwa azakhali ake. Ndipo gulu likapha munthu amene ankadziwadi kanthu, lakwirira pamodzi ndi njira yopezera mwanayo.

Nyumba imene ilibe maliro

Apa ndi pamene buku labwino la mtunduwu limaposa nyuzipepala, chifukwa limatsalira m'nyumba anthu onse atabalalika. Katswiri wina wa za mabanja wa ku Minnesota, Pauline Boss, anayamba m'zaka za m'ma 1970 kufufuza mabanja a asilikali oyendetsa ndege amene anasowa pa nkhondo ya ku Vietnam. Anapeza kuti chisoni chawo n'chamtundu wina, ndipo anachitcha ambiguous loss, kutanthauza kutaya kosadziwika mutu wake: munthu palibe, koma sanafe, aliko, koma sakuoneka. Chisoni chotere chimauma pamalo amodzi, sichipita kutsogolo.

Ife Achewa tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa mwambo wathu wa maliro unapangidwa kuti uyendetse chisoni. Pali kugona pasiwa, pali adzukulu okumba manda, pali kumeta, pambuyo pake chiliza. Sitepe iliyonse imauza namfedwa pamene wafika, ndipo mudzi wonse umayenda naye. Mayi wa mwana wosowa alibe chilichonse mwa izi. Sabata yoyamba anthu amadzaza pakhomo. Sabata yachitatu abwerera kuminda, ndipo sitingawadzudzule, mvula siidikira. Akalira mokweza, ena amati akulosera imfa. Akaseka pachitsime, amati waiwala msanga, mwina akudziwapo kanthu. Akafunsidwa kuti muli ndi ana angati, sadziwa nambala yoti atchule. Ena amakana kusamuka nyumba ya lendi ngakhale itadula, kuopa kuti mwana angadzabwere n'kupeza anthu ena.

Ndiye kumabwera kulozana zala. Bambo amati mayi anali kuti. Akuchimuna amati akuchikazi ndi osasamala, akuchikazi amati bamboyo malonda ake ayenda bwino bwanji chaka chino. Mawu akuti "anamukhwimira" akangotuluka pakamwa pa munthu mmodzi sabwereranso. Banja limagulitsa mbuzi, njinga, matumba a chimanga, kupita kwa ng'anga ndi kwa aneneri, ndipo ambiri a iwo sanena kuti sindikudziwa. Amaloza munthu, kawirikawiri agogo okalamba amene alibe owateteza. Lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma pofika kukhoti nyumba ya agogo imakhala itapsa kale. Ine sindiweruza kholo limene lapita kwa mneneri, chifukwa munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Amene ndimamuimba mlandu ndi wolandira mbuziyo akudziwa kuti alibe chimene waona.

Amene amaiwalika kwambiri ndi ana otsala. Mtsikana wa zaka 11 amene anauzidwa kuti uziyang'anira mng'ono wako, n'kutembenuka kukasewera fulaye, amasenza mtolo umene palibe wamkulu angaukwanitse. Samenyedwa mwina, koma amamva mmene mayi ake amapumira akamuona. Ena amatsekeredwa m'nyumba osaloledwanso kupita kulikonse. Malangizo a Pauline Boss kwa mabanja otere anali akuti asakakamizidwe kusankha pakati pa "ali moyo" ndi "anafa", koma aphunzire kusunga zonse ziwiri, n'kumalima, kumaphika, kumatumiza enawo kusukulu. Bambo akhoza kukhulupirira china, mayi china, popanda wina kukhala wachinyengo. Mpingo ndi achibale angathandize kwambiri pongopitiriza kutchula dzina la mwanayo, ndi kumabwerabe mwezi wachisanu ndi chimodzi, pamene ena onse analeka.

Buku limatha mwana akapezeka, mayi atamukumbatira. M'moyo, pamenepo ndi pamene nkhani ina imayambira. Mtsikana wobwera ku Lusaka patatha zaka 4 amabwera ali wamkulu, mwina ali ndi khanda, mwina osafuna kulankhula, mwinanso ali ndi mkwiyo ndi makolo amene anamukweza basi. Amafunika chipatala, uphungu, ndi malo kusukulu, osati mafunso a mudzi wonse.

Ku Cape Town, pa 30 April 1997, khanda la masiku ochepa, Zephany Nurse, linabedwa m'chipatala cha Groote Schuur mayi ake ali mtulo pabedi. Makolo ake ankakumbukira tsiku lake lobadwa chaka ndi chaka, iye palibe. Mu 2015 mng'ono wake anayamba sukulu ya sekondale, ndipo ana anzake anadabwa kuti akufanana kwambiri ndi mtsikana wina wa kalasi yomaliza. Atayeza DNA, zinatsimikizika kuti ndi iyeyo. Zaka 17 zonsezo ankakulira makilomita ochepa chabe kuchokera kwa makolo ake. Mayi amene anamulera anagamulidwa mu 2016 kukakhala m'ndende zaka 10. Mtsikanayo sanasamukire kwa makolo omubereka, anapitiriza kukhala ndi bambo amene anamulera, amene ankakhulupirira nthawi yonseyo kuti mwanayo ndi wake. Mu 2019 iye mwini anapempha khoti kuti limulole kudziwika poyera ndi dzina limene anakula nalo, ndipo khoti linavomera.